Ampu ya rock ndinakaipeza ku Kawale

Kwathu ku Area 25 ndinakula ndikumva makaseti a madala anga, iwowo anagwirako ntchito ku Chipata ndiye anabwerako ndi nyimbo za rock ya ku Zambia za Paul Ngozi ndi za WITCH, kuphatikizapo za Deep Purple ndi Jimi Hendrix. Kulira kwa magitala amenewo kunandikhala mmutu mpaka lero, gitala yosasa mawu, yaukali, koma ukatchera khutu nsambo iliyonse ikumveka payokha. Ndaimba gitala kutchalitchi zaka 6 ndikungolowetsa kebo mu mikisa, saundi yake yoyera bwino yoyenera kwaya, koma ija ya mmakaseti sinkatuluka olo pang'ono. Itafika nthawi yanga yolandira chipereganyu kuntchito ndinati basi, ulendo uno ndikugula ampu yangayanga, chokuzira mawu a gitala. M'thumba munali K400,000 yokha, ndipo aliyense akudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wochokera kunja sagwirika.

Poyamba mtima wanga wonse unali pa ampu ya Marshall ya mavalavu, timachubu tagalasi tokuza mawu mkati mwa ampu, chifukwa saundi ya rock yakaleyo kwambiri inachokera kumeneko. Jim Marshall anayamba kupanga maampu ku London mu 1962 potengera Fender Bassman, kenako kunabwera aja a mawati 100 omwe Hendrix ankaimbira. Maampu oyambirirawo analibe batani lapadera la distoshoni ayi, anthu ankangotsegula voliyumu mpaka mavalavu alemedwe, ndiye mawu ankayamba kusweka okha. Ichi nditachimvetsa chinandithandiza kwambiri, chifukwa ndinazindikira kuti classic rock simafuna geni (mphamvu yoswa mawu a gitala) yambiri ngati metal, imafuna geni ya pakatikati, mid (mawu a pakati) yokwera, ndi spika yaikulu yoti ikankhe mpweya.

Koma ya mavalavu ndinaisiya pasanathe sabata. Mtengo wake wokha unaposa kangapo ndalama yanga, komanso mavalavu amatha ngati mababu, valavu ya EL34 kapena 12AX7 ikafa ine mmashopu a mu Old Town sindinaionepo, uyenera kutuma munthu wopita ku Johannesburg kapena kuitanitsa pa intaneti ndi ndalama yakunja yomwe kuipeza kwake mukudziwa nokha. Uwonjezerepo kuzimazima kwa magetsi kwathuku, nthawi zina akamabwera amabwera ndi mphamvu yopyola muyezo, komanso kuinyamula pa kabaza mmisewu ya makumbi. Chinanso, ampu ya mavalavu imakoma ikatsegulidwa kwambiri, ine ndimakhala nyumba ya lendi yogundizana khoma ndi aneba omwe ali ndi khanda. Ndiye ndinatembenukira ku ma transistor ndi aja a digito, ogwiritsidwapo kale ntchito.

Kusaka ndinayambira pa Facebook Marketplace ndi mmagulu a WhatsApp a oimba mmatchalitchi, ndipo lamulo lomwe ndinadziikira linali loti sinditumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndisanaigwire ampuyo ndi manja anga. Kulikonse ndinkapita ndi gitala yanga, Yamaha Pacifica, ndi kebo yanga yomwe ndikuidziwa kuti ilibe vuto, chifukwa ukayesera gitala ya mwini katundu sudziwa kuti chikukoma kapena chikuipa ndi chiti.

Yoyamba ndinakaiona ku Area 23, kaampu ka mawati 15, dzina lotchuka kutsogolo, kooneka katsopano, mtengo wake wabwino zedi. Nditangoika geni kanayamba kulira ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Vuto ndi spika ya mainchesi 8 m'kabokosi kakang'ono, pansi palibe thupi, ukamenya kodi ya A siikugunda pachifuwa. Kophunzirira kuchipinda kali bhobho, koma ine ndinkafunanso yoti ndizitha kuima nayo pambali pa woimba ng'oma. Kuyambira tsiku limenelo funso langa loyamba pa foni linali kukula kwa spika, ikakhala yosafika mainchesi 12 sindinkawononga thiransipoti. Za mawati musamavutike nazo kwambiri, ampu ya mawati 100 siphokosera kawiri kuposa ya 50, kusiyana kwake ndi ma decibel 3 okha, kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka ka 10.

Yachiwiri inali ku Area 47, inabwera mu kontena kuchokera ku America. Spika ya 12, yosamalidwa, ndinaikonda nditangoiona, koma nditaitembenuza kuti ndiwerenge kachitsulo ka kumbuyo panalembedwa 120V basi. Magetsi athu ndi 230V, ampu yotere ukaibaya pakhoma ndi ka adaputala kongosintha mano a pulagi imapsa nthawi yomweyo, imafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo thiransifoma yabwino ndi ndalama inanso komanso ndi katundu wina wolemera woti uziyenda naye, tsiku limodzi mnzako wa mu bandi n'kuiwala n'kuibaya molunjika. Ndinathokoza n'kubwerera. Chonde kachitsulo kameneka muziwerenga musanachite china chilichonse, pazioneka 220, 230 kapena 240.

Pakatipa mnzanga wina wa ku Area 18 anandiyesetsa Boss Katana 50 yake, ndipo kunena zoona ndi ampu yabwino kwabasi, spika ya 12, tchanelo cha Crunch chimafika pafupi kwambiri ndi zomwe ndinkafuna, komanso ili ndi swichi yotsitsa mphamvu mpaka theka la wati moti utha kuimba usiku osadzutsa munthu. Amene ali ndi ndalama yokwanira agule imeneyo, sangadandaule. Ine ndalama sinafike, komanso ndinaganiza kuti ampu ya digito bodi ikafa amisiri athu ambiri sangaikonze, pomwe ya ma transistor wamba munthu wokonza mawailesi amaitsegula n'kuona chomwe chapsa.

Patapita masabata atatu ndi pomwe mkulu wina wa kwaya ananditumizira nambala ya bambo ena a ku Kawale, omwe kale ankaimba mu bandi ya mmaukwati. Ndinakwera minibasi Loweruka mmawa gitala ili kumsana. Ananditengera kuseri m'kachipinda kosungira katundu, anachotsa chitenje chomwe anavindikira, pansi pake panali Peavey Bandit 112, yakuda, makona otupuka, nsalu ya kutsogolo itang'ambika pang'ono mmunsi, fumbi lili mbuu. Kumbuyo 230V. Maampu amenewa ndi a kampani ya ku Mississippi yomwe Hartley Peavey anayambitsa mu 1965, mawati 80, spika imodzi ya 12, ndipo ali ndi chomwe amati TransTube, ma transistor olumikizidwa mwanjira yoti azisweka mawu mofanana ndi mavalavu.

"Mwana wanga, iyi yazungulira maukwati kuyambira ku Mchinji mpaka ku Salima, sinandichititsepo manyazi," anatero.

"Ndamva madala, koma mundilole ndiiyese mofatsa, mwina nditenga nthawi."

"Yesani, ine ndikukapanga tiyi."

Ndinayamba ndi mabatani onse ali pa ziro, kuyatsa, kumvetsera ngati ikung'ung'udza yokha popanda gitala. Inali zii. Kenako ndinalowetsa kebo n'kupotokola batani lililonse pang'onopang'ono kuchokera koyamba mpaka kumapeto, awiri ankalira kwekwerekwe, la mid ndi la reverb, koma limenelo ndi fumbi chabe silinandiopse. Nditagwedeza jaki polowera mawu anaduka kamodzi, ndinadziwa kuti pofunika kuwotcherera. Chomwe ndinkachiopa kwambiri ndi spika, ndiye ndinaika pa tchanelo choyera, kukweza voliyumu, kumenya nsambo yaikulu ija ya E mwamphamvu n'kuisiya ilire mpaka ithe yokha, khutu lili pafupi, chifukwa spika yong'ambika kapena yoti koilo ikukhula imamveka phwerere mawu akamatha. Inalira bwinobwino mpaka kumapeto. Ndinawunikanso ndi tochi ya foni kumbuyo kuona ngati pepala la spika silinamatidwe ndi guluu kapena kudyedwa ndi makoswe. Pomaliza ndinaisiya yoyaka ndikuimba mphindi zoposa 20, poti mavuto ena amabisala ampu ikadali yozizira, n'kumanunkhiza kumbuyo ngati kukutuluka fungo la waya wopsa.

Ndiye ndinasinthira ku tchanelo cha lead. Pre gain (geni ija) pa 4, low (mawu a pansi) pa 5, mid pa 7, high (mawu a pamwamba) pa 5, pagitala n'kusankha pikapu (kachida kotola mawu a nsambo) ya kubuliji ya humbucker, n'kukweza post gain (voliyumu ya tchanelocho). Nditamenya kodi yoyamba tsitsi linandiima, malata a kachipindako ananjenjemera, madala aja anatulukira pakhomo kapu ili m'manja n'kuima osayankhula. Inali saundi ya mmakaseti ija. Nditatsitsa voliyumu ya pagitala kufika pa 6 mawu anayera okha, nditakweza anabwereranso aukali, ndipo ichi ndi chomwe muziyesa pa ampu iliyonse yomwe mukufuna kuimbira rock yakale, chifukwa oimba a nthawi imeneyo ankasintha saundi ndi chala chaching'ono pagitala pomwepo.

Anatchula K420,000. Ndinawaonetsa mwaulemu za jaki ndi mabatani aja, komanso futuswichi yosinthira tchanelo ndi phazi inali itasowa, ndinati madala ndalama yonse yomwe ndili nayo ndi 400 ndipo pomwepo pachoke ya mmisiri ndi yonyamulira. Tinanenerera mpaka tinagwirizana K350,000, anandipatsanso chitenje chija kuti ndiziivindikira. Ndi yolemera ampu imeneyi, pa njinga sindinayerekeze, ndinachita hayala taxi mpaka kwa mmisiri wina wa mu Malangalanga wokonza mawailesi ndi ma TV. Anapopera mabatani mankhwala otsukira aja, anawotcherera jaki, anapukuta fumbi mkati monse, ola limodzi zonse zinali zitatha.

Kunyumba inandidabwitsa, inayamba kung'ung'udza mmmm pomwe ku Kawale inali chete, ndipo ndikagwira nsambo phokoso linkachepa. Ndinatsala pang'ono kuwaimbira foni madala aja, koma ndinayamba ndachotsa ekisitenshoni yotchipa yomwe ndinabayapo n'kulowetsa pulagi pakhoma penipeni, phokoso linatha. Nditaitsegula ekisitenshoni ija munali mawaya awiri okha, wa earth munalibe. Zino lachitatu lija la pulagi musalithyole kapena kulilambalala, kupatula phokoso limatetezanso moyo, munthu utha kugwidwa ndi magetsi pamlomo ukagunda maikolofoni dzanja lili pansambo. Ndalama yotsala ndinagulira ekisitenshoni ya mawaya atatu ndi kachida kaja timaika pa filiji koteteza magetsi akabwera molakwika, ndipo magetsi akazima ndimathamangira kuizula kaye.

Masiku oyamba ndinkakweza geni mpaka 8 poganiza kuti rock ndi choncho, koma tikakumana ndi anyamata ku Biwi kuyeserera, gitala inkasowa pakati pa ng'oma ndi besi. Nditabweza pa 4 n'kukweza mid inatulukira pamwamba popanda kuwonjezera voliyumu. Ndinaichotsanso pansi n'kuikweza pampando kuti spika iloze kumakutu osati kumiyendo, apo ndi pomwe ndinamva kuti high ndinkaichulutsa.

Lamulungu lapitali ndinainyamula kupita nayo ku Area 25 kuti madala anga akaimve. Anakhala pakhonde, ndinaimba kwa kanthawi, anagwedeza mutu n'kunena kuti thupi lake ndi lomwelo ndithu koma ya Paul Ngozi inkanyansa kuposa pamenepa, inkachita ngati spika yang'ambika. Akunena fuzz, ndipo akunena zoona, saundi ya ku Zambia ija ampu yokha siingaitulutse. Ndamuuza kale msuweni wanga yemwe amapita ku Johannesburg pa basi kuti mwezi wamawa akandiyang'anire kapedo ka fuzz kotchipa, kabokosi koponda ndi phazi kosintha mawu a gitala, koyendera batire ya 9V kuti ndisavutikenso ndi adaputala.