Matabwa anga a paini ndi mawanga a buluu: sabata yachitatu

Anzanga okonda zamatabwa, ndabweranso ndi nkhani ya tebulo lodyera lomwe ndikufuna kukhoma lija. Enanu mukukumbukira kuti mu Januwale ndinachekesa mitengo iwiri ya paini kwathu ku Dedza, mitengo yomwe anabzala malemu bambo anga, ndiye mukudziwa mmene zinandiwawira pomwe matabwa onse anatuluka mawanga.

Zomwe zinachitika nzoti zipika zinagona pansi masiku 12 zili ndi makungwa, ocheka asanabwere. Atacheka tinakweza pa lole kutsikira nawo kuno ku Salima, matabwa osanjikizana phwatata ndi utuchi wake womwe, pamwamba tenti chifukwa cha mvula, ndiye anakhala choncho pakhonde masiku ena 5. Ine ndimati ndikuwasamala. Pomwe ndimachotsa tenti, mkatimo munali fungo ngati la chimanga chochita chuku, thabwa lililonse lili ndi mizere yotuwa mokhala ngati buluu m'mbali zonse ziwiri. Ndinatenga limodzi nkulipala, kupala, kupalanso mpaka lachepa, ayi ndithu mtundu uja uli mkati momwemo.

Chimachititsa mawangawa ndi fangasi, mtundu wa chuku, ndipo amadya shuga ndi sitachi zomwe zili mu gawo loyera lakunja la chipika, osati mtima wa mtengo. Nchifukwa chake mlombwa kapena mbawa sitiidandaula kwenikweni, koma paini wamng'ono pafupifupi thupi lonse ndi loyera. Fangasiyu akufuna zinthu ziwiri basi, chinyontho ndi kutentha, madigiri 20 mpaka 30 ndiye kwake kwenikweni, ndiye tangoganizani Salima nthawi yadzinja. Tizilombo toboola makungwa tija timamunyamulanso kulowa naye m'chipika. Chonditonthoza nchoti thabwa silifooka kwenikweni, choncho oyambawo ndikhomera mashelefu a kusitolo, koma pa tebulo lopaka vanishi ayi, mawangawo amachita kuwala.

Ulendo uno ndinasintha zonse. Tinagwetsa mtengo Lolemba, makungwa tinasenda tsiku lomwelo, pofika Lachitatu madzulo anyamata anali atamaliza kucheka. Thabwa lililonse ndinalisesa ndi burashi kuchotsa utuchi, poti utuchi wonyowa ndi umene umasunga madzi pakati pa matabwa. Lachinayi m'mawa tanyamuka, masana ndili kale kalikiliki kusanja.

Kasanjidwe kake ndi komwe ndinatayira nthawi yambiri. Pansi ndinaika nsanamira za njerwa kutalika pafupifupi theka la mita, udzu wonse wapansipo ndinalambula. Pakati pa mzere ndi mzere timitengo topingasa ta masentimita 2.5, kutalikirana masentimita 50, ndipo kalikonse kali ndendende pamwamba pa kanzake kapansi kuti thabwa lisapindike. Timitengoti tikhale touma, chonde. Mutatenga tatiwisi tochokera pa chipika chomwecho mudzapeza chizindikiro chakuda pamalo pomwe tinagona. Ine ndinang'amba bulugamu wakale wa denga la khola. Pakati pa thabwa ndi thabwa ndinasiya mpata wa zala ziwiri, pamwamba malata otulukira kunja mbali zonse, njerwa zopsinja, m'mbali osatchinga kalikonse. Mbali yaitali ndinailozetsa komwe kumachokera kamphepo ka kunyanja. Kumapeto kwa matabwa ndinapaka penti yotsala kuti asang'ambike.

Za mankhwala, alipo oviikamo matabwa koma amagwira ntchito mukaviika tsiku lomwe mwacheka kapena mawa lake, fangasi akalowa mkati basi mwachedwa. Ine sindinagule. Matabwa 6 okha ndinawatsuka ndi madzi osungunulamo borakisi, mankhwala a ufa woyera, kuti ndidzafananize ndi enawo.

Ndilibe kamakina koyezera chinyontho, ndiye ndinadula kachidutswa ka mita imodzi nkukalowetsa pakati pa mulu, Loweruka lililonse ndimakayeza pa sikelo ya mayi a kunyumba. Tsiku loyamba 3.4 kg, sabata yoyamba 2.9, yachiwiri 2.5, lero 2.3. Chinyontho chikatsika kufika pansi pa 20 peresenti fangasiyu sakulanso, ndiye ndikudikira tsiku lomwe sikelo idzasiye kutsika.

Lero ndagwada ndi tochi kusuzumira mzere uliwonse. Pa matabwa 26, awiri okha ndi omwe ali ndi kamzere kotuwa, onse a mzere wapansi kumbali yoyandikana ndi mpanda wa njerwa komwe mphepo siidutsa bwino. Ndawatulutsa, ndawaimika paokha pamthunzi. Aborakisi aja ndi oyera mbee, koma oyandikana nawo osatsuka ndi oyeranso, ndiye sindinganene kuti borakisi ndi amene wathandiza.

Mawa ndikufuna kusamutsa mulu wonse mita imodzi kutali ndi mpanda, apansi apite pamwamba. Mlamu wanga wati abwera kudzandithandiza tikaweruka kutchalitchi, bola mvula isagwe.