Bambo anga adali anthu awiri

Teremu ino, pa maphunziro a uphunzitsi omwe ndikuchita ndili pantchito kuno ku Bembeke, atipatsa funso lomwe landisowetsa tulo. Tikuwerenga Things Fall Apart, buku lomwe Chinua Achebe wa ku Nigeria adatulutsa mu 1958, ndipo funso lake likuti: adapha mnyamata Ikemefuna ndani, Okonkwo, mwininkhani wa m'bukulo, kapena mudzi wake wa Umuofia?

Poyamba ndidaliona ngati losavuta. Chikwanje chidali m'manja mwa Okonkwo. Mwanayo, yemwe adali wochokera kumudzi wina ndipo anthu a ku Umuofia pambuyo pake adagamula kuti aphedwe, adakhala pakhomo pake zaka zitatu, ankamuitana kuti bambo, ndipo gogo Ezeudu adachita kumuyendera kudzamuchenjeza kuti asaikepo dzanja. Ndidalemba masamba awiri kumudzudzula kuti adali munthu wouma mtima, n'kutseka kope. Koma usiku womwewo, nditafunda bulangete chifukwa cha chisanu cha kunochi, ndidabwereranso pa tsamba lija. Bukulo likunena poyera kuti adatema mwanayo poopa kuti anthu amuyesa wofooka. Bambo a Okonkwo, a Unoka, adali munthu wa chitoliro ndi ngongole, wopanda nkhokwe, wopanda udindo, ndipo Okonkwo adakula akumva anzake akuwanyoza kuti n'chimodzimodzi mkazi. Mudzi umene unkaombera m'manja wogwetsa anzake pa masewera olimbana, wodzaza nkhokwe ndi zilazi, wobwera ndi mitu kuchokera kunkhondo, ndi womwewo udamuphunzitsa kuti chifundo n'chamanyazi. Apa mpamene ndidakumbukira bambo anga.

Bambo adali mkamwini. Kwawo n'kufupi ndi Linthipe, koma adakhala kwa amayi kuno zaka zonse mpaka imvi. Pakhomo pathu adali munthu wa mawu ochepa, wolawirira kumunda wa mbatata ya kachewere mame asadakamuke, wobwerako dzuwa litapendeka. Pabwalo pakakhala nkhani ankakhala kumapeto, chipewa chili pabondo. Ngakhale nkhani ya sukulu yanga, nditasankhidwa kupita ku sekondale, adayamba atumiza mawu kwa amalume, achimwene awo a amayi, kuti eni mbumba anenepo kaye. Ine ndinkangoti bambo anga ngofatsa, ndi mmene adabadwira.

Ndili ndi zaka 12 adanditenga panjinga kupita kwawo, komwe mwana wa mlongo wawo adali pa mlandu wa malire a dimba. Tisadatsike n'komwe panjinga, ana adathamanga akukuwa kuti amalume afika. Adawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango, azakhali n'kugwada poteropo kuwapatsa moni, wina n'kuyamba kuthamangitsa tambala. Nkhani itayamba ndidamva mawu omwe ndidali ndisadawamvepo. Bambo adadula mnyamatayo pakamwa, kumuloza ndi chala, n'kumuuza kuti, “Iwe khala chete, mbumba ino ili ndi mwini wake.” Anthu onse adangoti zii. Ine ndidawayang'ana kumaso kufuna kutsimikiza ngati adali omwe aja adandikweza panjinga m'mawa. Pobwerera madzulo, titangoyamba kuona mapiri a kwathu, mawu aja adabwerera m'chimake.

Kwa zaka zambiri sindidaiganizirepo nkhaniyi. Pano ndikuona kuti kufatsa kwa bambo kudaumbidwa ndi chikamwini, ndipo ukali wawo udaumbidwa ndi umwinimbumba. Akulu adati kwa eni kulibe mkuwe. Munda womwe ankalima sudali wawo, ana omwe adabereka ankawerengedwa mbumba ya alamu awo, ndiye mawu akadawakweza ataponda pati? Ngakhale Okonkwo, atapha mwangozi mwana wa Ezeudu pamaliro n'kupitikitsidwa zaka 7 kupita ku Mbanta kwawo kwa amayi ake, adafika ali wolefuka, ndipo amalume ake a Uchendu ndi amene adamukhazika pansi n'kumudzudzula pamaso pa abale. Chigawo chimenecho ndidachimva msanga kuposa anzanga ena a m'kalasi, chifukwa mphamvu ya malume ife takulira momwemo.

Kwathu kuno kuumba munthu sikuchitika mobisa. Zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zina mwa izo n'zokhudza chinamwali cha atsikana. Ku Mua, m'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare, muli zigoba za gule wamkulu zambirimbiri, ndipo zilombo zambiri zimabwera pabwalo kudzaonetsa khalidwe lomwe mudzi sukulifuna, kuti woonera adzione yekha n'kuchita manyazi. Sindikunyoza zimenezi ayi. Ulemu womwe ndili nawo, kudziwa kukhala pamaliro, kusadya ndekha mnzanga akuyang'ana, zonsezi ndidazitenga momwemo, ndipo ndimazinyadira.

Chomwe chikundiwawa ndi Obierika, mnzake wa Okonkwo. Iyeyu adali munthu woganiza. Adakana kupita nawo kokapha Ikemefuna, ndipo adamuuza mnzakeyo maso ndi maso kuti wachita chinthu choipa. Komatu tsiku lomwe mudzi udapita kukagwetsa ndi kutentha nyumba za Okonkwo chifukwa cha ngozi ija, Obierika adali nawo m'gululo. Atamaliza adakhala pansi n'kumadzifunsa chifukwa chomwe munthu angavutikire chotere pa mlandu wosachitira dala, n'kukumbukiranso ana ake amapasa omwe adakawataya kuthengo potsata mwambo.

Ineyo ndidachitapo za Obierika. Zaka zingapo zapitazo mwana wa msuweni wanga adasiya sukulu ali Sitandade 7 n'kulowa m'banja. Ndidali nditayamba kale kuphunzitsa. Ndinkadziwa kuti lamulo la maukwati la mu 2015 lidaika zaka 18, ndiponso kuti mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Mumtima ndinkakana. Koma patsikulo ndine ndidanyamula mabenchi, ndine ndinkatunga thobwa kupatsa alendo. Mtsikanayo adakhala pamphasa atawerama, chitenje chatsopano chikumukulira, zala zake zikungotosatosa ulusi wa m'mphepete. Adandiyang'ana kamodzi kokha, n'kunena motsitsa kuti, “Amalume, mabuku anga aja mukapatse mng'ono wanga.” Ndidangogwedeza mutu. Chomwe ndinkaopa n'chakuti anthu anena kuti sukulu yandipatsa mwano, ndafika poweruza akuluakulu. Mantha amenewo sasiyana ndi a Okonkwo, kungoti iye adagwira chikwanje, ine ndidagwira chikho cha thobwa.

N'chifukwa chake mbiri ya Inkosi Theresa Kachindamoto imandigwira mtima. Mayiyu adagwira ntchito ya ulembi pa sukulu ya zaubusa ku Zomba zaka 27 asadaitanidwe kudzalowa ufumu kuno ku Dedza, ndipo atafika adayamba kuthetsa maukwati a ana, kubwezera atsikana kusukulu, ngakhale kuimitsa mafumu ang'onoang'ono omwe ankalekerera. Nayenso adaumbidwa ndi anthu: magazi a ufumu adamupatsa mpando woti akalankhula amveke, moyo wa ku Zomba udamuonetsa kuti mtsikana wa zaka 14 malo ake ndi m'kalasi. Mwambo womwewo umene unkakwatitsa ana ndi umene udamupatsa ndodo yoletsera. Ine mpando wotero ndilibe, koma patsiku lija pakamwa ndidali napo.

Masamba awiri aja ndang'amba. M'yankho latsopano ndalemba kuti mudzi ndi umene udanola chikwanje, koma Okonkwo adali ndi mpata wotsala kunyumba monga adachitira Obierika, ndipo sadatsale. Kaya aphunzitsi akhutira nalo, ndiona Lachisanu.

Loweruka lapitali ndidapita kukawaona bambo. Ndidawapeza pakhonde akusoka thumba la mbatata, ndipo ndidawakumbutsa za ulendo wa ku Linthipe uja, n'kuwafunsa chifukwa chomwe sankalankhulira motero pakhomo pathu. Adandiyang'ana nthawi yaitali, singano ili m'manja.

“Kumene kuja n'kwathu, mwana wanga,” adatero. Kenaka adatsitsa mawu, poti amayi ankatulukira kuseri kwa nyumba ndi lichero, n'kupitiriza kusoka.