Ulendo wosathamanga pa galimoto yamagetsi

Ulendowu ndinauyamba ndi pepala ndi cholembera. Batire ya galimoto yanga imasunga ma kWh 60 (kWh ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi), ndipo pa msewu wabwino imadya pafupifupi ma kWh 16 pa makilomita 100 aliwonse. Ukawerengera, umapeza makilomita oposa 350, koma sindinafune kuyika mtima wonse pa nambala imeneyo. Ndinkafuna kufika paliponse ndikadali ndi 15 kapena 20 peresenti, choncho malo oima ndinawatalikitsa makilomita 200 mpaka 250. Matauni ang'onoang'ono amene anagwera pa mitunda imeneyi ndiwo anakhala ulendo wanga.

Malo otchajira ndinawafufuza pa mapulogalamu a pafoni otchedwa PlugShare ndi A Better Routeplanner. Chothandiza kwambiri ndi zimene alemba anthu odutsapo masiku apitawa: kaya tchaja ikugwira ntchito, kaya ili mkati mwa mpanda womwe amatseka usiku. Pa tauni iliyonse ndinalemba malo awiri, kuti oyamba akakana ndithamangire achiwiri. Ndinaonetsetsanso mtundu wa pulagi. Yanga ndi CCS, pamene Nissan Leaf zakale zimalowa CHAdeMO, ndipo kufika pa tchaja yomwe pulagi yake sikukwana n'chimodzimodzi kufika pachitsime wopanda chotungira.

Matchaja alipo mitundu iwiri, ndipo kuwadziwa bwino ndiko kunandimasula mtima. Ya DC, yothamanga ija ya 50 kW kapena kuposa (kW ndi muyeso wa liwiro lomwe tchaja imathirira magetsi), imathira magetsi molunjika mu batire. Ya AC, yomwe ndinaipeza kwambiri m'matauni aang'ono, imapereka 7, 11 kapena 22 kW, ndipo magetsi ake amayamba adutsa pa kachipangizo ka m'galimoto komwe kamawasandutsa DC. Kachipangizoko ndiko kamalamula liwiro. Ka galimoto yanga kamalandira 11 kW basi, moti ngakhale ndilumikize pa tchaja ya 22 sizisintha kanthu. Matchaja ambiri a AC sakhalanso ndi chingwe, umabwera ndi chako cha Type 2, ndipo changa sichinachoke m'buti.

Tsiku lililonse linkayenda motere. Usiku galimoto inkadya pamalo ogona alendo, komwe ndinkayamba ndaimba foni kupempha chilolezo. Pa 11 kW, kuchoka pa 20 kufika pa 100 peresenti kumatenga maola pafupifupi 5, ine ndili mtulo. Malo ena anali ndi soketi wamba ya pakhoma, yopereka ma kW awiri ndi pang'ono. Usiku wonse inandipatsa makilomita oposa 100, ndipo anandikwanira kufika tauni yotsatira. Masana ndinkaima pa tchaja ya DC n'kulekezera pa 80 peresenti. Kupitirira apo galimoto imachepetsa yokha magetsi olowa pofuna kuteteza batire, ndipo 20 peresenti yotsalayo imadya nthawi yambiri.

Mphindi 45 zodikira pa tchaja ya DC ndizo ndimazikumbukira kuposa msewu weniweniwo. Ndinkatseka galimoto n'kuyenda wapansi, kutsata msewu waukulu wa tauniyo mpaka pomwe nyumba zathera. M'tauni ina ndinakafika pa siteshoni yakale ya sitima, m'ina ndinaima pamlatho kuyang'ana madzi mpaka foni inandiuza kuti batire yafika. Bambo wina wachikulire anazungulira galimoto yonse, kenako anati, "Achimwene, utsi wake umatulukira pati?" Nditawaonetsa kuti paipi palibe, tinacheza mpaka ndinayenera kuwapempha kuti ndikasunthe galimoto, popeza wina anali akudikira tchaja. Pa galimoto yamafuta, matauni amenewa ndikanangowaona pawindo.

Tsiku lachitatu ndinalakwitsa ndekha. Kunali kuzizira, mphepo ikuwomba kuchokera kutsogolo, ine ndikuthamanga makilomita 115 pa ola ndi hita yoyatsa. Mphamvu yomwe mpweya umakanira galimoto imakwera kanayi liwiro likawirikiza kawiri, ndipo kuzizira kumafooketsanso batire, choncho makilomita otsala ankatha ndikuona. Nditafika, tchaja yoyamba inali yakufa. Yachiwiri inali makilomita 38 kutsogolo, ine ndili ndi 17 peresenti. Ndinatsitsa liwiro kufika pa 80, ndinazimitsa hita n'kuyatsa chotenthetsa mpando, chomwe chimadya magetsi ochepa kwambiri. Pa mtsetse wautali ndinangochotsa phazi pa moto, mota n'kusanduka jenereta, kubwezera magetsi mu batire m'malo moti mphamvuyo ithere m'mabuleki. Ndinafika ndi 9 peresenti, manja ali thukuta.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinatenganso pepala langa lija. Mitunda ya masiku awiri otsala ndinaifupikitsa kufika pa makilomita 180, ndipo pochita zimenezo panalowa tauni ina yomwe poyamba ndinkafuna kuilambalala. Kumeneko kunali tchaja imodzi yokha ya 7 kW, kuseri kwa laibulale, ndiye ndinagona komweko.