Kosi ya research methods si chilango ayi

Anzanga ambiri ophunzira bizinesi amaiona kosiyi, yophunzitsa njira zochitira kafukufuku, ngati chilango basi, eti ife tikufuna kudzakhala mabwana osati ofufuza. Koma abale, bwana wosadziwa kufunsa kuti manambalawa achoka kuti amapusitsidwa ndi lipoti lililonse bola likhale ndi ma graph okongola.

Ine yandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya sampling, kasankhidwe ka anthu oti uwafunse pa kafukufuku. Mu 1936 magazini ya Literary Digest ku America inalandira mayankho oposa 2 miliyoni nkunena kuti Landon awina chisankho cha pulezidenti, koma anawina ndi Roosevelt, komanso ndi mavoti ambiri zedi, chifukwa mayina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi a eni magalimoto, anthu opezako bwino, ndiye ambiri amene anatumiziridwa sanayankhe nkomwe. George Gallup anafunsa anthu ochepa kwambiri koma osankhidwa mwanzeru ndipo analosera zoona. Ndiye kampani ikamafunsa makasitomala okhawo amene amaikonda kale, ikuyembekezera kumva chani?

Za Likert scale zija, mndandanda wa mayankho oti munthu asankhepo kuyambira "sindikugwirizana nazo konse" mpaka "ndikugwirizana nazo kwambiri", nzosavuta. SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala, nayo umazolowera.

Pomwe pamavuta mpakuti zinthu ziwiri zikamakwera limodzi sindiye kuti china chikuyambitsa chinzake. Malonda akwera mutatsatsa, chabwino, koma mwina wopikisana naye anakweza mitengo mwezi womwewo, ndipo p-value yochepera 0.05, nambala imene ofufuza amaitenga ngati chizindikiro choti zotsatira sizinangochitika mwangozi, singakuuze zimenezo ngati sunaziganizire polemba mafunso.