Ndatula pansi udindo, tsono ndithokoze

Dzulo madzulo ndapereka makiyi a kabati, buku la ndalama ndi pasiwedi ya imelo kwa mtsikana wa ku Ghana amene tamusankha kukhala wapampando watsopano wa gulu lathu la ophunzira ochokera kunja kuno ku University of Glasgow, ku Scotland. Nditafika kuchipinda ndinagona tulo tofa nato, foni ili chete koyamba m'chaka chathunthu. Pamsonkhano anandipatsa mphindi zitatu zokha zoti ndilankhule, ndipo ziwiri ndinathera kulira. Choncho zimene ndinalephera kunena ndazilemba pano.

Ndinafika kuno mu Sepitembala 2022 ndi sutikesi imodzi, jekete yogula pakaunjika ku Limbe, ndi ufa woyera umene amayi anandimangira m'majumbo atatu. Za gulu sindinkazifuna n'komwe. Ndinkati ndabwera kudzaphunzira, zamisonkhano ndinazisiya ku Zomba. Koma Disembala wa kuno alibe chisoni. Dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mvula n'kumangowaza tsiku lonse ngati chiperoni chosatha. Ndinkatuluka mulaibulale kuli mdima, kulowa m'chipinda, kudya ndekha, osalankhula ndi munthu masiku awiri. Amene anandikoka ndi mnyamata wina wa ku Zambia amene anandimva ndikulankhula ndi amayi pafoni pa Byres Road. Anaima, nandiyang'ana, nati, "Muli bwanji, akulu?" Achimwene, mawu atatu amenewo simudziwa kuti anandichitira chiyani. Zikomo.

Ndiye kunabwera Marichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ine ndinali kuno, foni ili m'manja, ndikuimbira achemwali anga amene ankachita lendi cha komweko. Masiku awiri osapezeka. Magetsi kunalibe, netiweki kunalibe, pa Facebook zithunzi za mitembo zokhazokha. Anthu a m'gulu lathu anamva, sindikudziwa kuti anamva bwanji. Anabwera anayi, wa ku Zambia uja, wa ku Pakistan, wa ku Nigeria ndi mtsikana wa ku China amene dzina la Malawi analimva koyamba sabata yomweyo. Sanalankhule zambiri. Anakhala pansi pakapeti monga tichitira pamaliro kwathu, popanda wowaphunzitsa. Wa ku Pakistan uja anandiuza chapansipansi kuti iyenso anadikira foni chimodzimodzi mu 2022, madzi atamiza midzi ya kwawo. Achemwali anapezeka amoyo pasukulu ina imene anthu anathawirako, katundu yense atapita. Sabata yotsatira gulu linaphika zakudya n'kugulitsa, ndalama n'kupita kwa okhudzidwa. Atandipempha kuti ndiime nawo pachisankho patapita miyezi iwiri, ndikanakana ndi nkhope yanji?

Walira mvula walira matope. Ine ndinkaganiza kuti uwapampando ndi kuima kutsogolo n'kulandira alendo ndi mawu okoma. Ndinapeza kuti ndi kusaka chipinda chochitira msonkhano, kudzaza mafomu a chitetezo pa chilichonse ngakhale chophika tiyi, kudikira munthu pa Buchanan Bus Station pakati pausiku chifukwa ndege yake inachedwa, ndi kuyankha funso lomwelomwelo kambirimbiri: kodi ndingagwire ntchito maola angati? Yankho lake ndi maola 20 pasabata nthawi ya maphunziro, ndipo ndikamwalira mudzalembe zimenezo pachiliza changa.

Pa ntchito yonseyi anthu ankathokoza ine, chifukwa dzina langa ndi limene linkakhala pansi pa imelo. Koma ogwira ntchito enieni ndi awa. Msungichuma wathu, mayi wa ku Indonesia amene ankawerenga ndalama usiku mwana atagona, ndipo sanalole kuti ndigule ngakhale paketi ya mabisiketi popanda lisiti. Tinakanganapo kawiri, kawiri konse wolakwa ndinali ine. Mayi, pepani ndipo zikomo. Mlembi wathu wa ku Kenya amene ankakumbukira aliyense amene sanaoneke sabata ziwiri n'kumutumizira uthenga. Ndi mauthenga akewo amene anatithandiza kupeza mnzathu wina amene anali atadzitsekera m'chipinda, osadya, akuopa kuuza makolo ake kuti walephera mayeso. Ndi anyamata atatu amene sanafune udindo uliwonse koma pamapeto a chochitika chilichonse ndimawapeza atakwinya malaya akutsuka mapoto.

Nthawi yovuta koposa inali Novembala 2023. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola imene inali cha m'ma K1,180 n'kufika K1,700. Ife a sikolashipu tinapuma pang'ono, koma amene makolo awo ankawalipirira kuchokera kumudzi anangoona ndalama ya lendi itasungunuka. Anzathu a ku Nigeria anali atayamba kale kulira ndi naira yawo chaka chomwecho. Posakhalitsa, mu Januwale 2024, lamulo la boma la UK linayamba loletsa ophunzira ambiri akunja a digiri yachiwiri kubwera ndi mabanja awo, ndipo mu Febuluwale ndalama ya zaumoyo yolipira pofunsira viza inakwera kuchoka pa £470 kufika pa £776 pachaka. Misonkhano yathu inasanduka ngati bwalo la amfumu, aliyense ndi dandaulo lake. Ine ndalama ndinalibe, mphamvu yosintha lamulo ndinalibe. Chimene ndinaphunzira ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda n'kumuperekeza munthu mpaka alowe, chifukwa ambiri a ife tinaleredwa kuti mavuto a ndalama sauza mlendo. Kwa alangizi a ku Advice Centre ya SRC, bungwe loimira ophunzira pasukulu pano, amene anatilandira mobwerezabwereza osatopa nafe, n'kutifotokozera za mapangano a lendi ndi thumba lothandiza ovutika m'Chingerezi choti tonse timve, ndikuthokoza ndi manja awiri.

Sizinali zolira zokhazokha ayi. Tsiku limene sindidzaiwala ndi limene tinakwera sitima kupita ku Blantyre. Inde, Blantyre, ya kuno, kamtauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, banja lonse m'chipinda chimodzi cha ogwira ntchito pafakitale ya thonje. Ndinayenda monyada tsiku limenelo, kuwauza anzanga kuti mzinda wathu unatenga dzina pomwepa, mishoni itakhazikitsidwa mu 1876. Wa ku Zambia sanalole kugonja, anati mtima wa munthuyo unakwiriridwa kwawo, kwa Chitambo, mu 1873, ndipo iwo ali ndi mzinda wa dzina lake lenilenilo. Tili mkati mokanganirana mzunguyo, mtsikana wa ku India anafunsa modekha kuti n'chifukwa chiyani tikulimbirana munthu amene maulendo ake anatsegulira njira atsamunda. Wina anayankha za ukapolo umene ankalimbana nawo. Mtsutso unayambira pamenepo unatifikitsa ku Glasgow Central osatha, ndipo kunena zoona ndinaphunzira zambiri musitima muja kuposa m'semina zina.

Ndithokozenso amayi ndi abambo a mpingo wina wa kuno amene anatibwereka holo ndi khitchini yawo ulere, natiphunzitsa kuvina ceilidh, gule wa makolo wa kuno, mpaka ndinaponda gogo wina phazi, iwo n'kungoseka. Agogo amenewo anakhalako ku Ekwendeni kalekale, ndipo mpaka lero amandipatsa moni m'Chitumbuka ngakhale ndinawauza kuti kwathu ndi ku Zomba. Kwa ondiyang'anira pa kafukufuku, amene anaona chaputala changa chikuchedwa mwezi wathunthu koma anangofunsa ngati ndikugona mokwanira, ndikulonjeza kuti chifika.

Amayi, ndikudziwa kuti achemwali akuwerengerani izi. Munkandifunsa Lamlungu lililonse kuti, "Kodi unapita kukaphunzira kapena kukaphikira anthu?" Zonse ziwiri, amayi. Ufa munatumiza ndi mlendo uja unadyedwa ndi anthu a mayiko ambirimbiri, ena akuti ugali, ena sadza, ena pap, wa ku Zambia akulimbikira kuti ndi nshima. Onse anati ndikuthokozereni.

Kwa wapampando watsopano: kiyi wamng'onoyo amavuta, uzikankha chitseko ndi bondo potembenuza. Poto wamkulu si wathu, ndi wa kumpingo, abwezedwe Lachisanu lisanafike. Ndipo amene anatenga mthiko wanga pa chochitika chomaliza chija, sinditchula dzina, koma ndinakuonani.