Digiri ili m'manja, nanga ntchito aipeza bwanji?

Olemba anthu ntchito kuno ku Malawi amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku TEVETA kuti achinyamata aphunzire ntchito zamanja. Zabwino ndithu. Nanga bwanji UNIMA, MUBAS, LUANAR, Mzuni ndi mayunivesite enawa alibe thumba lotere loyendetsera maofesi othandiza ophunzira kupeza ntchito?

Ofesi yotereyi sifuna nyumba yagalasi ayi. Anthu awiri atatu okonza ma CV, kuyeserera intavyu ndi ophunzira, ndi kugogoda m'makampani kupempha malo a attachment, basi. Apo ayi, mwana wa kumudzi wopanda malume ku Capital Hill azingozungulira m'tauni ndi envulopu yake.

Koma ndalamazo zisachokere pa fizi, makolo atopa kale. Makampani amene amatenga ana ophunzirawa asonkheko.