Zikomo nonse, mwana wathu watuluka m'chipatala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, dzulo masana tafika pakhomo ndi mwana wathu wamng'ono uja, patatha masabata atatu tili m'chipatala. Ambiri mukudziwa kuti anapsa ndi phala mwendo wakumanja, kuyambira pantchafu mpaka pabondo, m'mawa wina kukuzizira, ine nditangopotoloka kuti nditenge shuga. Ali ndi zaka 3 zokha. Bala lauma, ndipo akuyenda, ngakhale akutsimphinabe pang'ono.

Ndiyambe ndi inu amayi oyandikana nafe nyumba, amene munandilanda dzira m'manja. Mutu wanga unali utabalalika, ndimafuna kumupaka dzira monga tinkaonera kumudzi. Inu munamunyamula n'kumuika pampopi, madzi ozizira akuyenderera pabalapo mphindi 20 zathunthu. Kuchipatala anamwino anati munachita bwino, chifukwa mazira ndi mankhwala otsukira mano zimangolowetsa tizilombo m'bala. Mulungu akudalitseni, mayi wanga.

Amayi a Mvano, munkabwera mosinthana ndi nsima yotentha m'mabakuli, n'kuimba motsitsa mawu kuti odwala ena asadzuke. Achimwene a kabaza amene munakana ndalama tsiku lija, ndi nonse amene munatumiza kangachepe pa foni, sindingathe kukutchulani mmodzimmodzi. Apongozi anga, munasiya chimanga chanu chosatong'ola n'kudzakhala ndi ana aakuluwa. Zikomo kwambiri, amayi.

Koma pali chimene ndikufuna mumve. Nthawi yotsuka bala ikakwana, anamwino ankandiuza kuti ndimugwire mwanayo miyendo ndi manja asaphiriphithe. Akamamatula bandeji, iye ankalira mpaka mawu kusasa. Sankayang'ana namwino ayi, ankayang'ana ine, akufuula kuti, "Amama ndisiyeni, amama mukundipweteka!" Ndikanamufotokozera bwanji mwana wa zaka 3 kuti bala losatsuka limaola? Ndinkangomupanikiza, misozi yanga ikugwera pamutu pake. Akamaliza kumanga, mwana yemweyo ankandikolekera m'khosi, n'kugona pachifuwa panga akusisima. Sankafuna kunyamulidwa ndi wina aliyense, ngakhale bambo ake.

Usiku wina nditakhala pansi pambali pa bedi, ndinatsegula Ahebri 12, pamene pamati Ambuye amalanga amene amamukonda, ndipo chilango pa nthawi yake chimawawa, sichikondweretsa. Mawuwa ndinkawaopa kuyambira ku Sande Sukulu, chifukwa ndikamva chilango ndinkaona chikwapu basi. Musandimve molakwa, sindikunena kuti Mulungu anawotcha mwana wanga kuti andilange. Mbaula ndinaisiya pafupi ndine. Chimene ndinaona n'chakuti manja amene ankamupanikiza mwana uja ndi omwewo amene ankamusisita pambuyo pake, ndipo mtima wanga sunasinthe pakati pa ziwirizo. Kangati ine ndafuulira Mulungu kuti andisiye, pamene Iye akungondigwira kuti bala langa litsukidwe?

Ndinakumbukanso kangapo konse pamene ndinamukalipira mwanayu kuti asayandikire moto, tsiku lina mpaka kumumenya kadzanja, iye n'kufufuma tsiku lonse. Kwa iye ndinali mayi wankhanza womuletsa kuotha. Malamulo ambiri a Mulungu amene ndakhala ndikuwang'ung'udzira ndi otero.

Abusa athu atabwera kudzationa anawerenga Hoseya 11, pamene Mulungu akunena kuti ndi Iye anaphunzitsa Efraimu kuyenda, namunyamula m'manja mwake, koma iwo sanadziwe kuti wowachiritsa ndi Iyeyo. Abusa, simunadziwe kuti m'mawa womwewo ndinali ndikumugwira mwanayu manja onse awiri, kumuphunzitsanso kuponda pansi, iye akukana chifukwa khungu limakoka. Ndinalephera kuyankha "Amen" chifukwa cha kulira. Zikomo pobwera ndi mawu amenewo.

Kwa anamwino ndi madokotala a ku wodi ya ana, amene munkamuseketsa ngakhale akukuthawani, ndilibe choti ndingakubwezereni. Kwa bambo a ana anga, amene simunandiloze chala ngakhale kamodzi pamene ine ndinkadziimba mlandu usiku wonse, zikomo bambo.

Lamulungu likubwerali tidzakhala nanu m'kachisi, Mulungu akalola. Mwanayu wanena kale kuti akufuna akaonetse anzake a Sande Sukulu chipsera chake, ndiye aphunzitsi, mumulole.